Mapazi a Mtende

Joni, 13 Ogasiti 2023

Amake Mtende,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mwana, adada ndi alongo awo, ankhazi Isabella. Kuno ndili bwino, kungoti mphepo yake imalowa mpaka m'mafupa. Ndikulemba pamanja chifukwa foni yanu imagona pa sola ya adada, ndipo ankhazi amamva ngakhale zimene munthu sananene. Hezron wa galimoto ya katundu akupatsani m'manja mwanu. Yankho muzimupatsa iyeyo akamabwerera.

Ntchito yotchetcha kapinga ija ndasiya. Ndalembedwa pa yunivesite ina kuno, m'chipinda cha pansi, ndipo ntchito yanga ndi kusamala mbewa. Sekani, ndakulolani. Zaka zinayi ndakhala ndikukunyogodolani kuti kwanu ku Ntchisi mumadya mbewa, lero Mtumbuka wa ku Mwazisi ndi amene akuziyalira pogona. Zili m'timabokosi ta pulasitiki, kalikonse ndi khadi lake: tsiku lobadwa, dzina la amake, dzina la abambo ake. Kwathu kuli anthu akuluakulu amene alibe mbiri yolembedwa chonchi. Polowa ndimavala ovolosi, chipewa, magolovesi ndi chophimba pakamwa. Poyamba ndinkayesa akuteteza ine. Ayi, akuteteza mbewa. Wauve ndine.

Mbewa zimene ndimasamala ndi za mayi wina, Dokotala Diana. Si dokotala wa odwala, amafufuza za ubongo. Sakalipa, koma khadi likalembedwa molakwa amangokuyang'ana mpaka wekha uyambe kupepesa.

Malo a nazale ya fodya musankhe cha kumtunda kwa dambo, osati pamene tinafesa chaka chatha. Mu katoni muli juzi ya adada, nsalu yanu ndi nsapato za Mtende. Pa foni munati sanayambebe kuyenda yekha. Zaka ziwiri ndi miyezi itatu si zambiri, ana amasiyana. Muzimuveka nsapatozo, mwina zimukopa.

Ine wanu,
Horace

Joni, 10 Seputembala 2023

Amake Mtende,

Yewo chomene chifukwa cha kalata ndi mtedza. Ndasangalala kumva kuti chifuwa cha adada chapepuka. Ine ndili bwino.

Mwafunsa kuti mbewazi akuzifunanji ngati sadya. Nanenso ndinafunsa, ndipo Dokotala Diana anandikhazika pa makina oonera tizinthu tating'ono n'kundifotokozera. Ndikuuzani mmene ndinamvera.

Kumbuyo kwa mutu, pamwamba pa khosi, kuli kaubongo kakang'ono. Ndi kamene kamachititsa kuti munthu ayende mowongoka, ndi kuti dzanja lifike pakamwa osataya phala. Maselo a mmenemo sabadwira pamalo pake. Amabadwira kwina, ngati mbande pa nazale, kenako amasamuka kamwanako kasanabadwe. Kusiyana kwake n'kwakuti palibe wowawokera, amayenda okha. Maselo ena amene ali cha kunja amatulutsa uthenga wakuti bwerani kuno, imani apa. Selo loyendalo lili ndi timakutu tamitundu iwiri pakhungu pake tomvera uthengawo. Iwo amati maresepita. Mbewa zina zimabadwa zilibe mtundu umodzi wa timakututo. Maselo ake amafikabe, ngakhale mzere umakhota pena. Zina zimabadwa zilibe tonse tiwiri. Uthenga umatumizidwa, koma palibe womva.

Anandionetsa tizidutswa tiwiri. Ka mbewa yabwino, maselo akuluakulu aima pamzere umodzi ngati ana pa asembule, kaubongoko kali ndi makwinya ambiri. Ka inayo n'kakang'ono, kosalala, maselo aunjikana m'kati pamene anabadwira.

Mbewa zoterezi zikabadwa sungazisiyanitse ndi zinzake. Zimayamwa, zimamera ubweya. Zimadziwika pa sabata yachiwiri, zikayamba kuyenda. Zimatangadza miyendo, zimanjenjemera, kenako n'kugwera chammbali. Zimadzuka, n'kugwanso.

Hezron wandionetsa kanema amene anajambula pa foni yake pamene anabweretsa katoni. Mtende wanenepa, ndipo mphuno ija ndi yanu basi. Ndaona mmene akugwirira chipupa cha pakhonde, ndi mmene waimikira miyendo. Ndaonanso pamene mukumupatsa kapu. Ndamupempha Hezron kuti anditumizire kanemayo, ndipo ndaonera kangapo. Sindikunena kanthu. Mundiuze chabe: akafuna kutola chinthu pansi, dzanja limapita pomwepo kapena limayamba laphonya?

Manyowa a pa nazale akhale owola bwino.

Horace

Joni, 8 Okutobala 2023

Amake Mtende,

Moni nonse. Ndili bwino, kungoti chakudya sichikulowa monga kale. Mwina ndi kutentha kumene kwayamba.

Mwati dzanja limaphonya. Mwatinso ankhazi akuti mwana ndi waulesi chifukwa mumamubereka kwambiri. Musawayankhe.

Ndikupemphani chinthu chimodzi, ndipo muchite monga ndilembere. Kuno tikafuna kudziwa mmene mbewa ikuyendera, timaipaka utoto ku mapazi, ofiira kutsogolo, abuluu kumbuyo, n'kuiyendetsa pa pepala lalitali. Kenako Dokotala Diana amayeza ndi lula kutalika kwa sitepe ndi kutalikirana kwa phazi lamanzere ndi lamanja. Yabwino imasiya mizere iwiri yoyandikana. Yodwala imasiya ngati kuti pepalalo lapondedwa ndi mbewa zitatu zoledzera. Ndaphunzira kuyeza ndekha, ndipo iwo akuti dzanja langa ndi labwino.

Mutenge thumba la simenti lija lili m'chigafa, muling'ambe kuti litambasuke. Mukande mwaye ku mphika, musakanize ndi timafuta pang'ono, mumupake Mtende ku mapazi. Mumugwire dzanja limodzi lokha, ayende kuchokera kunsonga ina kufika ku inzake. Likauma mulipinde, mumupatse Hezron. Ndikufuna ndiyeze, kenako ndiwaonetse a dokotalawa. Musauze munthu. Adada angadandaule pachabe, ndipo ankhazi mukuwadziwa.

Sabata ino mwa ana asanu ndi anayi a bokosi limodzi, awiri ayamba kugwa. Chakudya chawo ndimanyowetsa n'kuika pansi, chifukwa sangaimirire kuti afikire pamwamba. Amake sawasala, amawanyambita chimodzimodzi ndi anzawo. Zimene timachita nawo akakwana masabata atatu sindilemba. Ntchitoyo kale ndinkagwira osaganiza. Lachinayi ndinapempha mnzanga kuti andigwirire, ndinati mutu ukundiwawa.

Mbande muzithirira m'mawa ndi madzulo, udzu wophimba muyambe kuchepetsa pang'onopang'ono.

Horace

Joni, 5 Novembala 2023

Muriel,

Sindikufunsa ngati muli bwino, chifukwa ndamva. Hezron wafika dzulo wopanda pepala, wopanda kalata. Sanayambe n'komwe ndi moni.

"Akulu, kwanu kwaipa," anatero. "Ankhazi anu anawapeza alamu atagwada kuseri kwa chigafa, mwana mapazi akuda bii, akumuyendetsa pa pepala. Pofika masana mudzi wonse unali utaliona pepalalo."

"Nanga iwo anati chiyani?"

"Alamu? Chete. Afunsidwa ndi ankhazi, chete. Afunsidwa ndi adada anu, chete. Inu akulu, mkazi wotseka pakamwa chonchi munamupeza kuti? Wanga akanatchula mpaka nambala ya galimoto yanga."

Iye anaseka. Ine sindinathe.

Lero titatuluka m'tchalitchi ankhazi anandiimbira. Anayankhula Chitumbuka chothamanga chija chimene amayankhula akafuna kuti inu musamve. Anati, "Horace, mwana wane, tsopano tadziwa chimene chamanga miyendo ya mwana. Munthu woipa amatapa dothi pamene waponda. Uyu sanatape dothi, watenga phazi lonse. Tinakuuza kuti ukwatire kwanu." Anati adada alembera amalume anu ku Ntchisi kuti abwere pa 27 Disembala, abale akadzasonkhana. Anati inu mudzapita nawo, mwana adzatsala, pakuti ng'ombe za malowolo zinaperekedwa.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti ndinakutumani ndine. Chimene chinatuluka ndi "Yewo ankhazi, napulika," kutanthauza kuti ndamva.

Ndikulemba izi kuti mudziwe munthu amene mukumutchinjiriza. Ndikudziwa chifukwa chimene mwakhalira chete. Mukudziwa zimene amanena ku Mwazisi za mwamuna wa ku Joni amene wafolera nyumba ndi malata, mwana wake n'kukhala wosayenda. Akangomva kuti ndinaitanitsa mapazi a mwana, ndiponso kuti ndimaweta mbewa m'chipinda cha pansi, sadzafunsanso kachiwiri. Inu munaganiza zimenezi muli chogwada, ankhazi ataima pamutu panu. Ine ndinali kutali makilomita zikwi ziwiri, ndipo ndinachita mantha kuposa inu.

Adada akuti iwo ndi mkulu wa mpingo, za ufiti sakhulupirira. Koma Hezron akuti pepalalo alitsekera mu kabati ndi loko.

Mundipatse masiku pang'ono. Musasemphane ndi munthu, ndipo musamusiye mwana ndi wina aliyense.

Horace

Joni, 26 Novembala 2023

Muriel,

Kalata yanu ndalandira. Mizere itatu. Mwati mvula yagwa, fodya mwawokera, ndipo inu mukachoka mwana akamusiya kwa amalume anga ku Hewe, kumene kulibe maso a anthu. Mawu akuti Hewe ndawawerenga nditaimirira, ndipo ndinakhala pansi.

Lachiwiri ndinalimba mtima, ndinawaonetsa Dokotala Diana kanema uja. Anaonera kawiri.

"Horace, ine ndimadziwa mbewa," anatero. "Uyu si mbewa."

"Koma mayendedwe akewo mwawaona?"

"Ndawaona. Zoyendetsa mwana chonchi n'zambiri. Zina ndi zakumtundu, zina zimatsala mwana akadwala matenda ena, zina zimachizika. Pa foni sindingadziwe."

Ndinawauza za pepala la mapazi. Anagwira kumutu. Anati ngakhale likanafika, sakanadziwapo kanthu. Ndiye kuti zonse zimene zakugweranizi zakugwerani chifukwa cha pepala lopanda ntchito. Anati mwana aonedwe ndi dokotala wa ana ku chipatala chachikulu, msanga, chifukwa ngakhale pamene mankhwala palibe, pali masewera olimbitsa thupi amene amathandiza akayambidwa mwana ali wamng'ono. Kenako anafunsa: "Kwanu kunakhalapo wina woyenda chonchi?"

Ndinati ayi. Mwezi uno ndanama kawiri, kamodzi m'Chitumbuka, kamodzi m'Chingerezi. Kwa inu ndanama zaka zinayi.

Muriel, ine si mwana woyamba wa adada. Ndinali ndi mkulu wanga, dzina lake Amock. Ankayenda chogwira zipupa, miyendo itatangadza, ndipo phala ankadzithira pachifuwa. Nzeru anali nazo, ndi amene anandiphunzitsa kuwerenga mpaka teni. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri anamutumiza ku Hewe, kwa amalume omwewo. Sanabwerenso. Pakhomo dzina lake silitchulidwa, ndipo pamene ndinkakufunsirani ndinaona kuti n'kwabwino lisatchulidwebe. Tsiku limene ndinaona kanema wa Mtende sindinaone mbewa ayi. Ndinaona Amock. Mbewazo ndinangobisalako.

Ntchito yokwatitsa mbewa ndi yanga. Ndimatenga yaimuna yothamanga bwino ndi yaikazi yothamanga bwino, zonse zonyamula chinthucho mobisika, ndipo mwa ana anayi alionse pafupifupi mmodzi amadzandira. Palibe imene yapita kwa sing'anga, palibe imene yalakwira inzake. Ngati za Mtende zili zotere, ndipo sindikudziwa ngati zili zotere, ndiye kuti zachokera kwa tonse awiri, popanda aliyense kuchita kanthu. Ndakuuzani chifukwa ndasiya kukubisirani. Koma ichi chokha ankhazi asamve, adzatola theka lanu lokha.

Tchuthi andikaniza, chifukwa Disembala anzanga onse amapita kwawo ndipo mbewa sizidziwa Khirisimasi. Ndikachoka ndekha, malo anga ndidzapeza pali wina. Ndiye ndilembera adada.

Horace

Joni, 10 Disembala 2023

Adada,

Monire. Ndikhulupirira Mulungu akukusungani, ndipo chifuwa chija sichinabwererenso. Ine ndili moyo.

Mudabwa kuti ndakulemberani m'Chichewa. Ndachita dala. Ndikupempha kuti kalatayi iwerengedwe mokweza pa 27, pamaso pa ankhazi ndi amalume a ku Ntchisi, ndipo ndikufuna kuti Muriel amve liwu lililonse popanda womumasulira. Ndailemba katatu. Ziwiri zoyambazo zinali zaulemu kwambiri moti sizinanene kanthu.

Choyamba. Pepala lili mu kabati yanu ndinaitanitsa ndine. Kuno kuntchito timayeza mayendedwe a mbewa motero, ndipo ndinaganiza mopusa kuti ndingayeze mwana wanga chimodzimodzi. Kalata imene ndinamulangizira Muriel ali nayo, ya pa 8 Okutobala. Inu munali mphunzitsi zaka makumi atatu, dzanja langa mulidziwa, munaliwongola ndinu. Iye anakhala chete kuti anthu asanene kuti ndakhwimira mwana. Ngati pali woti anenedwe, ndine.

Chachiwiri. Chimene chikuvuta Mtende sindikuchidziwa, ankhazi sakuchidziwa, ndipo ngakhale dokotala amene ndimamugwirira ntchito wakana kulosera. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayendedwe amenewa analowa pakhomo pathu Muriel asanabadwe. Adada, ndikunena za Amock.

Ndinali wamng'ono koma ndikukumbukira. Alendo a kumpingo akabwera, malemu amama ankamulowetsa m'khitchini n'kukoka chitseko, ine n'kuima pabwalo kuwaimbira alendowo nyimbo ya Sande sukulu. Ndinkamumva akuimba nawo chapansipansi kuseri kwa chitsekocho. Ndikukumbukira tsiku limene munamukweza pa njinga kupita ku Hewe, mutamumanga ndi chitenje kuti asagwe. Patapita zaka zitatu munapitanso nokha pa njinga yomweyo, ndipo mutabwera munangoti wagwera m'chitsime. Sindikukuweruzani. Nthawi imeneyo kunalibe wokuuzani kanthu, ndipo anthu ankanena zimene ankanena za nyumba ya mphunzitsi. Koma ankhazi analipo, anamubereka Amock kumsana. Akamati zimenezi kubanja kwathu kwa a Luhanga sizinaonekepo, akudziwa kuti inu simuwatsutsa.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Mtende asapite ku Hewe. Apite ku chipatala chachikulu ku Mzuzu, ndi amake.

Mukagamula kuti Muriel achoke, sindingakuletseni ndili kuno. Koma mudziwiretu kuti ndikadzabwera, basi ya kwathu ku Rumphi sindidzakwera. Ndidzatsikira ku Ntchisi, ndikapemphe malo kwa amalume ake, ndikakhale mkamwini, ng'ombe zija zipite pachabe. Ndipo mwana ndidzabwera kudzamutenga masana, anthu akuona.

Sindinakuyankhenipo chiyambire. Ndikuopa kwambiri mmene muilandirire kalatayi.

Mwana wanu wachiwiri,
Horace

Joni, 7 Januwale 2024

Amake Mtende,

Moni wa chaka chatsopano kwa inu ndi mwana. Ndili bwino. Kalata yanu yafika Lachisanu, ndipo ndayamba ndayang'ana pamwamba kuti ndione kumene yalembedwera. Nditaona Mwazisi ndinaipinda kaye, ndinakamwa madzi.

Mwati adada anawerenga okha, ataimirira. Mwati atafika pa dzina la Amock ankhazi anati basi zakwana, koma iwo anangokweza dzanja n'kupitiriza mpaka kumapeto, kenako analowa m'nyumba osatseka msonkhano ndi pemphero. Zaka zonse ndawadziwa sanayambe aiwalapo pemphero. Mwati amalume anu anadya, anagona, m'mawa n'kukwera okha. Muwathokoze mukawaimbira. Ulendo wa ku Ntchisi si waufupi kuti munthu angobwera kudzamva manyazi a eni ake.

Adada sakuyankha foni yanga. Ndayesa kanayi. Hezron atawafunsa ngati ali ndi mawu opita ku Joni, anati alibe. Ankhazi akuti ndavula bambo anga pagulu, ndipo pamenepa sakunama. Za malata ndi mbewa zayamba kale kunenedwa pa chigayo, Hezron wandiuza. Zisiyeni zinenedwe, zikunena ine.

M'kalata yanu mwanditchula a Luhanga kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ndaona. Sindikudandaula, ndipo sindikufulumizani.

Mwati Lachiwiri pa 16 mukupita ku Mzuzu, ndipo adada anena kuti akuperekezani okha. Munyamule buku lake la kusikelo. Muwauze adokotala zonse: malungo aja anadwala ali ndi miyezi isanu ndi inayi, za dzanja lophonya, za kapu. Akafunsa ngati kumtundu kunakhalapo wina wotere, adada akakhala chete, muyankhe ndinu. Dzina mukulidziwa tsopano.

Kuyambira pamene ndinawerenga tsikulo mtima sunakhale pansi. Kale ndinkaopa msonkhano, tsopano ndikuopa Lachiwiri. Zimene adokotala akanene mundilembere monga anenera, ngakhale mawu amene simunawamve bwino, muwapemphe akulembereni pa kapepala. Musandisankhire zofewa. Ine ndinakusankhirani, ndipo mwaona kumene zinatifikitsa.

Ine bambo a Mtende,
Horace